Mbava imene inagwidwa ndinali ine ndemwe

Nditagwira ntchito zaka zitatu ku Johannesburg, banki ina inavomera kundipatsa khadi la ngongole, ndipo ndinatha sabata yathunthu ndikusinkhasinkha za Visa ndi Mastercard ngati mnyamata amene akusankha mbeta. Mtsikana wa ku banki anandimvetsera moleza mtima, kenaka anandiuza kuti makampani awiriwo sakongoza munthu ndalama, koma amangonyamula uthenga pakati pa sitolo ndi banki, ndipo amene adzandilondalonda ndikalephera kubweza ndi bankiyo. Anandilangiza kuti ndiyang'ane chiwongoladzanja, ndalama yolipira mwezi ndi mwezi, komanso masiku osapitirira 55 amene munthu angabweze ngongole yonse popanda chiwongoladzanja. Ine ndinangoloza khadi lakuda chifukwa linkaoneka la mabwana, ndipo linapezeka kuti ndi la Visa, lija nambala yake imayamba ndi 4.

Chimene ndinachigwiritsitsa ndi nkhani ya chitetezo. Ndinaphunzira kuti kachitsulo ka pakhadi kamapanga chizindikiro chatsopano nthawi iliyonse munthu akagula, n'chifukwa chake n'kovuta kukopera kusiyana ndi mzere wakuda wa kumbuyo. Ndinaphunziranso kuti pogula pa intaneti, sitolo imafunsa manambala atatu a kumbuyo kwa khadi otchedwa CVV, kenaka banki imatumiza pa foni nambala yogwira ntchito kamodzi kokha yotchedwa OTP. Popeza foni yanga inali itasweka tsiku lolembetsalo, ndinapereka nambala ya mayi a kunyumba, ndipo za kusintha ndinaiwaliratu.

Usiku umenewo ndinawakhazika pansi n'kuwalalikira mpaka nsima inazizira. Ndinawauza, uku ndikumenya tebulo, kuti OTP sapatsa munthu aliyense, ngakhale atanena kuti ndi wa ku banki, ngakhale atalankhula ndi mawu anga enieni, pakuti akathyali a masiku ano amatha kuyerekezera mawu.

Patapita mwezi, iwo anapempha makatani atsopano, ine n'kuyankha mwachisoni kuti m'thumba mwauma. Mawa lake pa nthawi ya nkhomaliro ndinaona pa kompyuta ya kuntchito nsapato zachikopa za R1,800, ndipo mtima unandilaka. Nditalemba manambala onse, panatuluka mawu akuti Visa Secure, pansi pake akundiuza kuti OTP yatumizidwa ku nambala imene ndinaizindikira nthawi yomweyo. Mayunitsi anali atandithera, choncho ndinabwereka foni ya mnzanga n'kuimba.

"Mayi, ndi ine amuna anu. Tandiwerengereni manambala amene alowa pa foni yanuyo."

"Pepani achimwene, amuna anga alibe ndalama. Anandiuza okha dzulo pa nkhani ya makatani. Munthu wosauka angagule bwanji za R1,800?"

Ndinatchula dzina la mudzi wawo, la mfumu yawo, ngakhale la galu wa apongozi, koma anangoyankha kuti akathyali amafufuza zonsezo pa Facebook, n'kudula foni. Pasanathe mphindi khumi anali atandikakamiza, kudzera pa uthenga wa WhatsApp ku foni yanga, kuti ndiimbire banki msanga itseke khadi chifukwa mbava yalipeza. Ndinabwerekanso foni ija n'kutseketsa khadi langa lomwe, mnzanga akuseka mpaka kugwa pampando.

Madzulo anandilandira monyadira, ataphika nkhuku, n'kundifotokozera kuti mbavayo inali ndi mawu ofanana kwambiri ndi anga, kungoti inkamveka yopepera. Ndinavomereza kuti inali yopeperadi, ndipo ndinawayamikira chifukwa chosunga malangizo anga. Akundiikira chiwalo chachiwiri m'mbale, ananena modekha kuti chimene aphunzirapo n'chakuti khadilo likhoza kulipira R1,800 popanda vuto. Khadi latsopano litafika, chinthu choyamba kugula chinali makatani, ndipo OTP yake anaiwerenga okha mokweza, nambala imodzi imodzi, akundiyang'ana m'maso.