Chassa yatichotsa manyazi

Abale anga, lero nsima ikukana kulowa chifukwa cha chimwemwe! Zotsatira za Giredi 12 zatuluka, mphwanga wakhoza ndi mapoyinti 8 ku Chassa Secondary, ku Sinda. Amayi akungoimba nthungululu pakhomo.

Ena amadandaula kuti sukulu za Akatolika zimakhwimitsa mwambo. Ine ndimati mwambowo ndi umene umakhozetsa ana. Mabulaza a Marist, amene amayendetsa sukulu ya Chassa, sanayambe dzulo ntchito yophunzitsa ana. Marcellin Champagnat anayambitsa chipani chawo mu 1817 ku France, atamvera chisoni ana akumidzi osadziwa kuwerenga, osamvapo ngakhale za Mulungu. Mwana wa mlimi wa nshawa ngati mphwangayu ndi amene ankamufuna.

Ng'ombe ija tinagulitsa kuti tilipire chigono sinapite pachabe. Aphunzitsi, Mulungu akudalitseni!