Kilo Imene Ndinkabisa pa Sikelo Yathu

Shopu yathu ili kufupi ndi msika wa Kapata mumzinda wa Chipata, ndipo ntchito yathu ndi yogula nshawa, soya ndi mpendadzuwa kwa alimi a m'midzi, n'kumagulitsa kwa anthu opera chiponde, oyenga mafuta, ndi amalonda amene amatengera katundu ku Lusaka kudzera mumsewu wa Great East. Tinayamba m'chaka cha 2013, chaka chimene boma linachotsa maziro atatu pa ndalama ya kwacha. Mpamba wathu unali ndalama zimene mkazi wanga analandira pa chilimba cha amayi anzake, njinga imodzi, ndi sikelo yopachika imene ndinkaimangirira ku nthambi ya mango m'mbali mwa msewu wopita ku Chadiza.

Pasanathe nyengo ziwiri ndinali nditaphunzira zimene ogula mbewu ambiri amadziwa koma sanena poyera. Sikelo yopachika ili ndi kachitsulo kopotokolera, ndipo ukakapotokola pang'ono, muvi umayambira kumbuyo kwa ziro, moti thumba lililonse limapepuka mlimi ali chiyang'anire. Ndinkachotsanso kilo yathunthu ponena kuti ndi kulemera kwa thumba, chonsecho thumba lopanda kanthu silifika ngakhale theka la kilo. Muvi ukaima pakati pa manambala awiri, ndinkawerenga nambala yam'munsi. Mtima wanga ndinkaugoneka ndi mawu akuti aliyense akuchita zomwezo, ndiponso kuti nshawa zimapepuka zikamauma m'nyumba yosungiramo, choncho ndikungodziteteza.

Nthawi yonseyi Lamulungu silinkandiphonya. Ndinakulira mumpingo wa Reformed Church in Zambia, umene makolo athu anaulandira ku Magwero kuyambira mu 1899, ndipo chakhumi changa ndinkachipereka chokwanira, nthawi zina choposa. Ndinkaona ngati envelopu yonenepa ya pa Sabata ikukwirira zimene ndachita kuyambira Lolemba mpaka Loweruka.

Tsiku lina m'mwezi wa June agogo ena anabwera ndi mdzukulu wawo atanyamula thumba la nshawa za Chalimbana, zosenda bwino, zosankhidwa imodziimodzi, zopanda ngakhale kachikoko. Nditapachika thumba ndi kutchula makilo, anakhala chete, kenaka anati, "Mwanangu, kunyumba ndinayeza ndi meda ndipo ndimayembekezera zoposa apa, koma inu ndinu munthu wa kutchalitchi, ndiye kuti ndine ndinalakwitsa kuwerenga." Anamanga ndalamazo pa nsonga ya chitenje, nandithokoza akuwomba m'manja. Zala zawo zinali zong'ambika chifukwa cha kusenda. Mayi ameneyo anadzitsutsa yekha pofuna kusunga ulemu wa dzina la Mulungu limene ine ndinavala ngati malaya, ndipo zimenezi zinandikhala pakhosi masiku ambiri.

M'sabata zomwezo, pa mapemphero a m'banja, tinafika pa 1 Samueli 15. Mfumu Sauli analamulidwa kuwononga zonse za Aamaleki, ndipo anachita mbali yaikulu ya lamulolo, koma anasunga mfumu Agagi pamodzi ndi nkhosa ndi ng'ombe zonona, nanena kuti zimenezo ndi zokapereka nsembe kwa Yehova. Samueli anamufunsa za kulira kwa nkhosa kumene ankamva, namuuza kuti kumvera kumaposa nsembe. Ndinaona kuti chifukwa chimene Sauli anapereka ndi chomwecho chimene ine ndinkadzipatsa, pakuti nanenso ndinkatenga chosaloledwa n'kukapereka gawo lake kuguwa. M'mawa mwake ndinabweza muvi pa ziro. Pambuyo pake tinagula sikelo ya pansi yoonetsa manambala, imene timaiyezetsa kwa a Zambia Metrology Agency, ndipo chizindikiro chawo chili pamalo oonekera kwa aliyense.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo, koma mkazi wanga, amene amalemba makope a shopu, sanavomere. Usiku wina anabweretsa makope akale onse nawaika patebulo, nati, "Abambo, sikelo mwakonza, nanga makilo a anthu awa muwabweza liti?" Ndinayankha kuti ndalapa kale ndipo Mulungu wandikhululukira. Iye ananditsegulira Machitidwe 5, pamene Hananiya ndi Safira anagulitsa munda, napatula gawo la mtengo wake, nabweretsa zotsalazo ngati kuti ndi zonse. Petro anawauza momveka kuti munda unali wawo ndipo ndalama zinali m'manja mwawo, choncho tchimo lawo silinali kupereka zochepa, koma kunama kwa Mulungu pofuna kuoneka ngati apereka zonse. Kulapa kwanga kunali kotero. Ndinapereka kwa Mulungu sikelo ya mawa, koma phindu la dzulo ndinalisunga m'thumba.

Apa ndi pamene panali povuta kuposa ponse, ndipo ndikhulupirira kuti Akhristu ambiri amalonda timaimira pomwepa, chifukwa kuleka chinyengo kumachitika mwakachetechete, pamene kubweza kumafuna kuti ukaime pakhomo pa munthu ndi kutchula chimene unachita. Tinawerengera dzina lililonse m'makopemo, matumba amene munthu anabweretsa ndi makilo amene ndinamudya. Zakeyu analonjeza kubweza kanayi, monga tiwerenga pa Luka 19, koma ife mphamvu imeneyo tinalibe, motero tinabweza pa mtengo wa chaka chimene tinkabwezacho, umene unali wokwera kuposa wakale. Ndinayenda m'midzi nyengo ziwiri zokolola. Ena anakwiya ndipo sanabwerenso kudzatigulitsa mbewu, ndipo sindiwaimba mlandu. Agogo aja ndinawapeza akusenda nshawa pakhonde, ndipo nditagwada ndi kufotokoza, anati, "Ndiye kuti ndinawerenga bwino," kenaka anauza mdzukulu wawo kuti andipatse madzi akumwa.

Mayesero ena anabwera mu 2024, pamene chilala chinawononga mbewu mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu February kuti ndi tsoka la dziko lonse. Nshawa zinasowa ndipo mtengo unakwera. Ife tinali ndi matumba angapo amene anachita chuku, chifukwa alimi ena amawaza madzi pa makoko kuti afewe posenda, ndipo nshawa zikaikidwa m'thumba zisanaumenso zimavunda. Chuku chimenechi chili ndi poizoni amene amawononga chiwindi, ndipo sachoka ngakhale nshawa zikazingidwe. Kusakaniza matumba amenewo ndi abwino kukanabisa zonse, ndipo chiponde chake chikanalowa m'phala la ana a anthu amene sindidzawaona. Tinasankha usiku wonse pa mphasa, ndipo zovundazo tinazikwirira m'dzenje. Chaka chimenecho tinalephera kugula galimoto imene tinkasungira ndalama, ndipo mpaka lero katundu wathu timanyamulira ya hayala.

Tsopano sikelo imayang'ana kwa mlimi, ndipo ndi iye amene amatchula makilo ine ndisanalembe. Thumba lopanda kanthu timaliyeza pamaso pake. M'kope lakale lija mwatsala mayina asanu ndi awiri a anthu amene anasamuka kapena kumwalira, ndipo ndalama zawo zili m'envelopu ina pansi pa kauntala. Mlimi aliyense wochokera kumbali ya Chadiza akabwera, mkazi wanga amamuwerengera mayinawo ndi kumufunsa ngati akudziwa kumene kuli abale awo.