Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 4: Chaka chimene ananditumiza kwa agogo ku Dedza

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene sukulu za kwathu ku Mabvuku zinasanduka mabwalo osewerera, aphunzitsi atanyanyala ntchito. Chinali chaka cha 2008. Amene munali kuno ku Harare simufunanso kukumbutsidwa. M'masitolo munangotsala mashelefu, ndipo ndalama imene bambo ankatapa kubanki atafola kuyambira mbandakucha, pofika madzulo sinkakwananso buledi. Boma lenilenilo linavomera kuti mu July mitengo inali itakwera ndi 231 miliyoni peresenti. Mu August anadula maziro khumi pa ndalama, koma sizinaphule kanthu. Kolera itabuka ku Chitungwiza, kenako ku Budiriro, amayi anangoti, "Uyu apite kumudzi, tisamuike m'manda kuno."

Ndinapita ndikung'ung'udza. Ife obadwira kuno tinkaona kumudzi ngati chilango. Basi inadutsa pa Nyamapanda, tinawoloka Zambezi pa mlatho wa ku Tete thukuta lili kamukamu, ndipo titafika pa chipata cha Dedza ndinayamba kufuna juzi. Atsibweni anandichingamira ndi njinga.

Agogo anga aNaphiri ankaidziwa Harare. Amuna awo anabwera kuno ndi Mthandizi, bungwe lija lolemba anthu ntchito, m'masiku a Chitaganya, chija chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Anagwira kaye m'mafamu a fodya, kenako anapeza ntchito yophika kwa mzungu mu Salisbury, yemwe lero ndi Harare, n'kuitanitsa mkazi wawo. Agogo aakazi anapirira zaka zingapo, kenako anamanga katundu. Amayi amati mawu awo otsanzikira anali akuti sangakhale m'dziko logula nkhuni. Mwana wamkulu, amene ndi amayi anga, anatsala ndi bambo ake chifukwa cha sukulu. Agogo aamuna anatchona, ndipo ali m'manda a konkuno.

Nditafika anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kuseka. "Amuna anga a ku Harare afika! Koma kuwondaku bwanji, kumeneko sadya?" Pofuna kuwadabwitsa ndinatulutsa m'thumba pepala la ndalama la 100 biliyoni. Analitembenuza, n'kulinunkhiza.

"Imeneyi ingagule nkhuku zingati?"

"Ngakhale dzira singagule, agogo."

Sanayankhe. Mawa lake ndinapeza atakulungamo njere za mpiru, atazisomeka kutsindwi.

Unali mwezi wa November, nthawi imene m'makomo ambiri chakudya chimayamba kuchepa, koma nkhokwe yawo inali isanafike ndi pakati pomwe. Zaka zimenezo ku Malawi kunali makuponi a feteleza a boma la Bingu wa Mutharika, ndipo mu 2007 dziko limenelo linagulitsa chimanga ku Zimbabwe. Tangoganizani: ife amene ankatinyoza kuno kuti ndife a ku Nyasaland obwera kudzapempha ntchito, kwathu n'kumene kunkachokera ufa. Komabe nkhokwe ya agogo sinadzaze ndi makuponi okha. Anali ndi lamulo lawo: chimanga chakale sichigulitsidwa kufikira chatsopano chitalowa. Mavenda ankabwera ndi masikelo awo n'kubwerera chimanjamanja. Lamuloli linachokera pa njala ya 2002, pamene anthu a m'mudzimo anadya gaga ndi zitsa za nthochi, mbuzi n'kumapita pa mtengo wozizira. Ankaitchula njala imeneyo motsitsa mawu, n'kumawerenga maina a anthu amene anapita.

Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi zikwatu zawo. Pamwamba pa mafuwa, pomwe utsi umafika, ankapachika timipira ta masamba a msuku tomangidwa ndi luzi. M'kati mwake munali mfutso: khwanya, nkhwani ndi chitambe, zofutsa bwino n'kuyanika pamphasa m'nyengo yokolola. Ankamasula chimodzi, kutapa dzanja limodzi, kuviika m'madzi, kuthira tomato ndi nsinjiro zosinja okha mumtondo. Ndiwo zatha pamenepo, osatulutsa ngakhale tambala. Ufa wake unali woyera, wa mphale yokonola okha, yoviika masiku angapo mpaka itayamba kununkhira kowawasa. Ine wozolowera ufa wa m'mapaketi ndinadya mpaka kupempha mtanda wina, iwo akuti, "Idyani bambo, mawa kuli khasu."

Ndipo khasulo linalipodi. Pano ndimaseka ndikamva anzanga a m'tauni akulakalaka moyo wa kumudzi pa Facebook, kuti kuli mtendere ndi mpweya wabwino. Mtendere ulipo, koma umadzuka tambala woyamba. Kuunga mizere, kubzala mvula ikangogwa, kupalira, kubandira. Manja anga anatuluka matuza mpaka anaphulika. Madzi ankachokera kumjigo wakutali, ndipo amene ankasenza ndi amayi ndi atsikana. Maso a agogo anali ofiira nthawi zonse ndi utsi wa kukhitchini, msana utapindika. Munthu akadwala usiku ankamunyamula pa ngolo. Sindingakunamizeni kuti unali moyo wofewa.

Koma palibe tsiku limene ndinawaona akufola pamzere kudikira chinthu chimene wina angathe kuwamana. Akasowa mchere ankatumiza mwana ndi mbale ya nyemba kwa anansi, mchere n'kubwera. Udzu wofolera nyumba ankaphikira thobwa, anyamata n'kudzafolera. Pamaliro aliwonse a m'mudzimo ankapita ndi ufa m'lichero ndi mtolo wa nkhuni. Ankati iyo ndiyo banki yawo, ndipo ine amene ndinali nditaona mabanki a ku Harare sindinatsutse.

Ndinabwerera kuno mu 2009, dola ya ku America itayamba kugwira ntchito, sukulu zitatsegulidwa. Anandisenzetsa thumba la ufa, mtedza ndi zikwatu ziwiri, ndipo m'basi monse munkanunkhira utsi.

Uthenga wa imfa yawo unandipeza patapita zaka, ndili pantchito m'tauni. Kumudzi maliro sachedwa. Ife tikuthamangira za mapepala ndi ndalama ya basi, adzukulu anali atakwirira kale. Tinakafika pa nthawi yomanga chiliza. Anthu amene anabwera sanakwane pabwalo, ndipo nkhuni ndi ufa zimene anabweretsa zinatsala.

Mwambo utatha ndinafunsa atsibweni ngati ndingapatsidweko kachigawo ka munda wa agogo. Anandiyang'ana modabwa. "Mphwanga, wakulira kutali eti? Munda uwu ndi wa amayi ako ndi alongo ako. Iwe ukalima kumene ukakwatire." Nkhani ya kumene ndinakakwatirako ndi ya m'gawo lotsatira.