Manda a ku Eyam sakundichoka m'mutu

Loweruka lapitali sindinali pa shifiti ndiye ndinangokwera basi kuchoka kuno ku Sheffield kupita ku Eyam, kamudzi kena ku Derbyshire, eni ake amangoti "Iim". Ndi kamudzi kakalekale, kanalembedwa kale mu Domesday Book, buku la kalembera wa malo a ku England, mu 1086, anthu ake ankadya za migodi ya mtovu. Pabwalo la tchalitchi cha St Lawrence pali mtanda wamwala wa nthawi ya ma Saxon, anthu akale a ku England, mpaka lero uli chiimire.

Koma nkhani yeniyeni ndi mliri wa bubonic plague, matenda ofala ndi utitiri, wa 1665. Telala wa m'mudzimo analandira mtolo wa nsalu kuchokera ku London, osadziwa kuti muli utitiri wa matenda, ndipo womuthandiza wake George Viccars amene anamasula mtolowo ndi amene anayamba kumwalira mu September. Zitafika poipa mu 1666 abusa a William Mompesson ndi a Thomas Stanley (a Stanleywo anali atachotsedwa pa ubusa wa parishi yomweyo) anakhala pansi ndi anthu n'kumanga chimodzi: pasapezeke wotuluka, pasapezeke wolowa, kuti matenda asafalikire midzi ina. Mapemphero anawasamutsira panja ku kachigwa kotchedwa Cucklett Delf. Chakudya anthu akunja ankangosiya pamalire, a m'mudzi n'kuika ndalama m'timabowo ta pamwala mothira viniga poopa kupatsira ena matenda. Mwalawo ulipo, ine ndinapisamo chala.

Chimene chinandiswa mtima ndi lamulo loti banja lililonse liziika lokha maliro ake. Mayi Elizabeth Hancock, mu August 1666, anaika amuna awo ndi ana asanu ndi mmodzi m'masiku 8 okha. Abale anga taganizani, popanda adzukulu okumba manda, popanda amayi ogona nawo pasiwa, popanda ngakhale nyimbo imodzi, mayi yekhayekha kukoka mwana wake kupita naye kumunda kenako mawa lake kubwereranso ndi wina. Mwezi womwewo akazi a abusa, Catherine Mompesson, nawonso anatisiya. Onse amene anafa m'miyezi 14 imeneyo ndi anthu pafupifupi 260.

Manda a banja la Hancock amawatcha Riley Graves, ali pakati pa munda kunja kwa mudzi, atazunguliridwa ndi kampanda ka miyala kofika m'chiuno. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndithu ndikuwerenga mayina, mphepo ikundiwomba, ndipo ndinapezeka ndikuyimba chamumtima nyimbo imene tinayimba poika agogo anga.