Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Nyemba zofumbwa ndi Mfumu George

Sabata yatha ndinalekera pamene anandisankha kukhala mlembi wa kalabu ya mtsutso, ndili Fomu 3. Musaganize kuti zinali nzeru ayi. Dzanja langa linkalemba mooneka bwino, ndiye pakamwa panganso sipankatseka.

Teremu yachiwiri zinthu zinavuta ku dayining'i. Nyemba zinali zofumbwa moti anankafumbwe ankayandama pa msuzi ngati chitowe. Anyamata ku hositelo anagwirizana zonyanyala chakudya, ena mpaka kukamba zogenda mawindo, ndipo ine anandituma kulemba kalata kwa a hedi. Ndinalemba usiku, masamba atatu odzaza ukali: nkhanza, ukapolo, sindife nkhumba. Kumapeto ndinakhomerapo mawu a Patrick Henry, wandale wa ku America wolimbana ndi ulamuliro wa Britain, amene tinkaloweza ku kalabu, aja oti ampatse ufulu, apo ayi imfa.

Mwamwayi ndinayamba ndaonetsa Sala wathu wa Chingerezi. Anawerenga ali chiimire pakhonde la sitafu, choko chili kukhutu.

"Iwe, ukufuna kufera nyemba?"

"Ayi Sala, ndi kalankhulidwe chabe."

"Ndiye vuto lako limenelo."

Anandiuza kuti Henry analankhula pa 23 Malichi 1775 m'tchalitchi ku Richmond, Virginia, koma palibe anawalemba mawuwo tsiku limenelo. Amene timawerengawa anawatolera William Wirt, wolemba mbiri ya moyo wa Henry, kwa okalamba omwe analipo, n'kuwasindikiza mu 1817, Henry mwini wake atamwalira kale mu 1799. "Uja ankalankhula kwa anthu omuona nkhope. A hedi adzangoona pepala." Atatero anandipatsa mapepala ojambulidwa pa fotokope, othothoka m'mbali, n'kundiuza ndibwere Lolemba.

Oyamba anali a Thomas Paine. Munthuyu anandidabwitsa. Anabadwira ku England, ntchito yotolera misonkho anamuchotsa, ku Philadelphia anafika kumapeto kwa 1774 alibe kanthu. Koma mu Januwale 1776 anatulutsa kabuku ka masamba 47, Common Sense, kamene anthu ankawerengerana mokweza ngakhale m'malo omwera mowa. Ine ndinkayembekeza Chingerezi chothyola nsagwada. Ndinapeza munthu akulankhula ngati ali pabwalo. Kwa amene ankati America yakula bwino pansi pa Britain choncho ikhale pomwepo, iye anayankha ndi mwana: poti wakula ndi mkaka ndiye asadzalawe nyama? Anafunsanso kuti kachilumba kangalamulire bwanji dziko lalikulu chotero mpaka kalekale. Ndipo podziwa kuti owerenga ake ndi anthu a Baibulo, anawatengera ku 1 Samueli 8, pamene Aisraeli anaumirira mfumu Samueli akuwachenjeza. Ndimeyi ndinkaidziwa kuyambira ku Sande sukulu, koma sindinkadziwa kuti munthu angamenyere nayo mlandu.

Lolemba Sala sanandifunse za Paine n'komwe. Anatenga chikalata cholengeza ufulu wa America cha pa 4 Julayi 1776, chimene Thomas Jefferson analemba, n'kundipatsa pensulo.

"Werenga madandaulo. Ndi angati?"

Ndinapeza 27. Pamwamba pali mfundo yachidule yonena za ufulu wa munthu ndi ntchito ya boma. Kenako mndandanda, yambiri ikuyamba ndi "iye", kutanthauza Mfumu George III ya ku Britain: wathetsa nyumba zathu za malamulo, watiikira asilikali nthawi ya mtendere, ndiyeno misonkho yosatifunsa, malonda otsekedwa. Pomaliza chigamulo. Amamutchula wankhanza, inde, koma atamuyalira kaye milandu.

"M'kalata yako muli milandu ingati yoti munthu angapite kukaiona ndi maso?"

Ndinayang'ana. Munalibe ngakhale umodzi.

Anandiuzanso, ngati nkhani yongodutsa, kuti Jefferson anali atalemba ndime yodzudzula mfumu pa malonda a akapolo, koma msonkhano wovomereza chikalatacho unaifafaniza, ndiponso kuti mwini wakeyo anali ndi akapolo kwawo ku Monticello. Ndinapukusa mutu monyansidwa. Chinyengo chotani!

Kalata yachiwiri inali tsamba limodzi. Ndinayamba ndi mfundo yoti makolo athu amalipirira chakudya pa fizi. Kenako masiku: Lachitatu nyemba zofumbwa, Lachisanu phala losapsa, Loweruka nyama yomwe ili pa ndandanda sinaoneke masabata anayi. Pomaliza pempho loti abwere adzadye nafe tsiku limodzi. Panali mzere wina wa shuga wosowa m'phala, ndipo umenewo ndinaufafaniza mwakachetechete, chifukwa ena mwa amene ankatapa shugayo pogwirizana ndi ophika anali anzanga a m'chipinda, ndipo tiyi wake wausiku inenso ndinkamwa nawo.

A hedi anatiitana anthu anayi. Anawerenga kawiri, pang'onopang'ono, n'kuvomera kuti abwera Lachitatu. Mtima wanga unali m'mwamba. Anzanga atatuluka anandiuza nditsale, anavula magalasi, n'kuika chala pa pepala.

"Mnyamata iwe, walemba bwino. Nanga za shuga walekeranji?"