Tambala wotchipa wa pamsika

Lolemba m'mamawa, ndisanamwe n'tiyi yemwe, foni inalira. Anali mayi wina wa m'mudzi wa kuseri kwa phiri kuno ku Dedza. "Alangizi, tabwerani, nkhuku zanga zavala majekete." Ife a zaziweto tikamva mawu amenewa sitifunsanso zambiri. Nkhuku ikagwetsa mapiko n'kumangosinza, zitosi zili zobiriwira zamadzimadzi, mu Okutobala muno dzuwa likuswa mtengo, chimenecho ndi chitopa.

Pa nkhuku 23 ndinapeza zisanu zitafa kale. Zina zinaunjikana pansi pa nkhokwe zili kukamwa yasa, ndipo msoti wina unkangozungulira khosi litapotoka. Ndinafunsa ngati pakhomopo panabwera nkhuku yachilendo. Mayi anakana. Koma kamwana kawo kanalankhula kali kuseri kwa chitenje: "Nanga tambala wofiira uja anagula ababa?"

Zinadziwika kuti bambo anagula tambalayo pamsika masiku asanu ndi anayi apitawo, wamkulu bwino, pamtengo wa kamsoti. Atafika naye anangomumasula miyendo n'kumuponya pabwalo. Ndiye anayamba kufa, iwo n'kumati watopa ndi ulendo wa panjinga, ndipo anamudyera nsima, nthenga ndi matumbo n'kutaya kudzala kumene zinzake zimapalasa.

Bamboyo sindinamudzudzule kwambiri, chifukwa tambalayo ankaonekadi wathanzi. Kachilombo ka chitopa kamabisala m'thupi masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, nthawi zina mpaka masabata awiri, nkhuku ikudya ndi kulira bwinobwino. Ndipo chitopa chikalowa m'mudzi, eni nkhuku amathamangira kumsika ndi zomwe zikadayenda kuti apulumutseko kangachepe. N'chifukwa chake ine nkhuku ikatchipa nyengo ino ndimayamba ndafunsa kumene yachokera.

Lachiwiri ndinayenda m'makomo oyandikana nawo ndi katemera wa I-2, uja amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Dontho limodzi m'diso basi, kwa nkhuku iliyonse ngakhale kamwanapiye, ndipo amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse. Kabotolo ndimakakulunga m'kansalu konyowa kuti kasatenthedwe. Pakhomo podwala paja sindinapereke, ngakhale mayi anachonderera. Katemera sachiza, ndipo ukadontheza nkhuku yodwala kale, ikafa mudzi wonse umati alangizi ndiwo apha. Ndisanalowe khomo lina ndinkatsuka majombo ndi manja, poti nanenso nditha kukhala tambala wofiira wa anthu ena.

Lachitatu linathera pa malipoti ndi kumatitsa tayala la njinga yamoto.

Lachinayi mphunzitsi wina anandiitana kuti ndikaone nkhuku za Mikolongwe zomwe anagula. Iyeyu anayesetsa: anazimangira kakhola kawokawo. Koma kakholako kanagundana ndi lakale, ndipo mwana amene amathira gaga ankagwiritsa ntchito mbale imodzi uku ndi uku. Tinakasunthira kuseri kwa khitchini, mbale ndi chomwera zakezake, ndipo ndinawauza kuti zatsopanozo zizidyetsedwa pomaliza, zikhale kwazokha masabata atatu, ukakwana mwezi ndi bwino koposa. Masiku amenewo ndi oti uone zitosi, umve ngati zikutsokomola usiku, usuzumire kunsi kwa mapiko ngati kuli nsabwe kapena utitiri, ndi palipombo ngati patuluka tizilonda.

Zovuta zinali Lachisanu, pamsonkhano kwa amfumu. Nditanena kuti ngakhale nkhuku yamphatso iyambe yakhala payokha, agogo ena anaimirira. "Mwana wanga, thadzi wondipatsa apongozi ndimutsekere kwayekha ngati wabwera ndi mankhwala? Akamva ati chiyani?" Anthu anaseka, koma funsolo linali loona. Ndinati auzeni kuti mukufuna azolowere pakhomo asathawe, paja nkhuku yachilendo timaimanga kale mwendo masiku oyamba. Tingotalikitsa masikuwo ndi kuimanga patali. Ndinawonjezera za abakha, amene amatha kunyamula chitopa iwo ali gwa. Apo agogo aja anagwedeza mutu, akuti n'zimene zinawachitikira chaka chatha.

Loweruka ndinabwerera kwa mayi aja. Alovera ndi tsabola zomwe ankathira m'madzi sizinathandize. Zinatsala nkhuku zinayi. Tinakwirira zakufa m'dzenje lakuya, tinatentha zinyalala za m'khola, ndipo ndinawauza kuti padutse mwezi asanabweretse ina. Ndikuliza njinga kuti ndizipita, ndinaona bambo akutulukira kuseri kwa nyumba, nkhuku ziwiri mwa zinayi zija zili pakaliyala, miyendo yomanga ndi luzi. Linali tsiku la msika. Ndinazimitsa njinga n'kupempha mayi kuti andibwereke mpando.