Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Nsungwi zakuda za ku Johannesburg

Pa zomera zonse zimene ndinasamalira pa ntchito yanga ya m'maluwa ku Johannesburg, palibe chimene chinandigwira mtima ngati nsungwi zakuda. Ine ndinakulira ku Dedza, kumene malume anga ankaluka malichero, madengu ndi nkhokwe, ndipo nsungwi zimene ndinkazidziwa ndi zija zimamera pa phata limodzi osasuntha. Choncho adona a pakhomo pamene ndinkagwira atanena kuti akufuna mzere wa nsungwi wotchinga khonde lawo, ndinavomera mosangalala, poganiza kuti tsopano ndapatsidwa ntchito ya kwathu.

Anabwera ndi zidutswa zokulungidwa m'saka lonyowa zimene anapatsidwa ndi mnzawo. Mtundu umenewu, umene akatswiri amautcha Phyllostachys nigra, kwawo ndi ku China, ndipo umapirira kuzizira, n'chifukwa chake suvutika ku Johannesburg kumene mu Juni ndi Julayi kapinga amauma ndi chisanu. Chimene chimadzalidwa ndi tsinde lake loyenda pansi pa nthaka, lokhala ndi mfundo ngati za nzimbe, ndipo pa mfundopo pamakhala diso limodzi ndi timizu tolimba.

Ndisanakumbe, ndinakafunsa nzeru kwa bambo wina wachikulire wa ku Ntcheu amene ankagwira ntchito mumsewu womwewo. Sanalankhule zambiri. Ananditengera kuseri kwa nyumba ya abwana awo n'kundionetsa njerwa za pabwalo zimene zinatukuka, komanso mphukira zimene zinadutsa pansi pa mpanda n'kukatulukira kwa eni ake ena. "Mwana wanga," anatero, "nsungwi izi zimayenda, uzitsekere njira usanazidzale."

Ndinakumba ngalande yozungulira malowo, yakuya masentimita 70, n'kuimikamo pulasitiki yokhuthala, kusiya masentimita 5 pamwamba pa nthaka kuti tsinde likafuna kulumpha lizioneka ndi kudulidwa. Adona anaona ngati ndikutaya nthawi, koma ndinawapempha kuti andikhulupirire, ndipo mpaka lero ndimati aliyense wodzala nsungwizi popanda chotchinga akulakwira oyandikana naye. Kumapeto kwa Ogasiti ndinasankha zidutswa zotalika pafupifupi masentimita 30, chilichonse cha mfundo zosachepera zitatu ndi maso athanzi, ndinazigoneka chopingasa m'dothi losakaniza ndi manyowa owolerana, n'kukwirira masentimita osapitirira 10. Pamwamba ndinaphimbira masamba ouma, ndipo ndinkathirira mosadumphitsa chifukwa mvula ya kumeneko imayamba cha mu Okutobala, pamene tsinde lotere likangouma kamodzi silidzukanso.

Mphukira zoyamba zinatuluka zowonda, ndiponso zobiriwira. Adona anakhumudwa kwambiri, nanena kuti mnzawo uja anawapatsa mtundu wolakwika ndipo ndi bwino tizule. Apa ndinaima nji, popeza bambo a ku Ntcheu aja anali atandiuza kale kuti nsungwi yakuda imabadwa yobiriwira. M'chaka chachiwiri timadontho tofiirira tinayamba kuoneka pa mapesi, tinakula n'kulumikizana, ndipo pofika chaka chachitatu mapesi oyambawo anali bii, onyezimira pakati pa masamba obiriwira. Ndinasadza nthambi za m'munsi kuti kudako kuzionekera patali.

Chinanso chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti phesi lililonse limafika msinkhu wake wonse m'miyezi iwiri yokha, ndipo likatero silitalikanso kapena kunenepa. Chimene chimakula ndi mphamvu ya pansi pa nthaka, kotero kuti mphukira za chaka chilichonse zimaposa za chaka chatha, mpaka zina zinapitirira denga la khonde.

Mzere umenewo ndi umene unachititsa banja la kutsidya kwa msewu kundipempha kuti ndizikawagwirira Loweruka lililonse, ndipo ndalama za Loweruka zimenezo ndi zimene ndinayamba kutumiza ku Dedza zogulira malata a nyumba ya mayi anga.